Matenda sadinditsa pasipoti pa Mwami, nanga kabuku ka wodwala katsaliranji?

Azakhali anga anakwatiwa kutsidya, ku Mchinji, ine ndili kumsana. Kwa iwo malire a pa Mwami ndi msewu chabe. Kukagwa maliro, kukakhala chinkhoswe, ikafika nthawi ya Kulamba ku Mkaika, amangomanga chitenje n'kubwera. Chaka chatha anabwera kudzalira mchimwene wawo, bambo anga aang'ono, kuno ku Chipata. Usiku wa tsiku loika, anthu atayamba kubalalika, thupi lawo linatentha ngati mbaula ndipo anayamba kubwebweta, kuitana anthu amene anatisiya kalekale. Tinapempha galimoto ya aneba n'kuthamangira nawo kuchipatala china cha m'tauni muno.

Dokotala amene tinam'peza anali mnyamata waulemu, wotopa, maso ali psuu. Atawapima anatembenukira kwa ine.

"Bambo, buku la amayiwa lili kuti?"

Ndinati linatsala ku Malawi. Anafunsa ngati ali ndi khadi la SmartCare, pulogalamu ya boma la Zambia yosunga mbiri za odwala pa kompyuta. Ndinati ayi, si a kuno. Anafunsa mankhwala amene amamwa. Ndinkadziwa kuti ali ndi BP ndi shuga, koma za mapiritsi ndinangoti "toyera tating'ono ndi tina totalikirapo". Ndiye anafunsa funso limene linandiumitsa pakamwa: kodi alipo mankhwala amene sayanjana nawo? M'mutu mwanga munabwera kachikumbukiro kakutali, koti nthawi ina azakhali anagonekedwa milungu ingapo khungu litasupuka ngati apsa ndi madzi otentha, ndipo akuluakulu ankati ndi mankhwala. Dzina lake ndinalibe.

Ndinatuluka panja n'kuimbira mwana wawo pa WhatsApp, cha m'ma 1 koloko usiku.

"Asuweni, pepani ndakudzutsani. Funani kabuku ka amayi ka kuchipatala, mujambule masamba onse."

Anakapeza pansi pa matiresi, katakulungidwa m'pepala la shuga. Zithunzi zinabwera chimodzichimodzi, zina zosaoneka bwino chifukwa ankaunikira ndi tochi ya foni ina. Patsamba loyamba, m'mwamba, panali mawu olembedwa ndi bolopeni yofiira, odulidwa mzere kawiri: Bactrim. Ine sindinaonepo chachilendo. Dokotala uja ataona anatenga pepala limene anali atayamba kulemba n'kufufuta mzere umodzi. Pamzerepo panali Septrin. Anandiuza kuti ndi mankhwala amodzimodzi, co-trimoxazole, kungoti anzathu ku Malawi anazolowera dzina lina, ife lina.

Mnyamatayo sanalakwe kanthu. Anafunsa zonse zofunika kufunsa. Chimene chinapulumutsa azakhali ndi bandulo ya msuweni wanga, imene mwamwayi inali isanathe.

Chimene chimandipweteka ndi chakuti kudwala kwa azakhali kunalembedwa, ndipo kunayenda. Kumapeto kwa mwezi munthu wina anawerenga m'kaundula, chiwerengero chinalowa mu DHIS2, pulogalamu yopangidwa ku yunivesite ya Oslo imene Zambia ndi Malawi onse amagwiritsa ntchito posonkhanitsa malipoti a zaumoyo. Chinakwera ku ofesi ya boma, ku ofesi ya chigawo, ku Ndeke House, likulu la Unduna wa Zaumoyo ku Lusaka, ndipo ziwerengero zotere zimakathera m'malipoti a ku Geneva ndi a mabungwe otithandiza. Njira yokwera m'mwamba tinaikonza bwino, chifukwa amene amapereka ndalama amafuna kuona ziwerengero. Njira yopita cham'mbali, yochoka kwa nesi wa ku Mchinji kufika kwa dokotala wa ku Chipata, kapena kungochoka pa kiliniki ya ku Chadiza kufika ku chipatala chachikulu, ndi imene inamera udzu. Pamenepo mtengatenga akadali wodwala mwini, kapena mdzukulu amene wam'perekeza, ndi kope lodulidwa pakati m'thumba la pulasitiki.

Ine ndikuti yakwana nthawi yoti lamulo likakamize njira ya cham'mbaliyi. Kupempha mwaulemu kwakanika.

Amene amatumiza ndalama pa foni andimvetsa msanga. Kumbukirani masiku amene wa Airtel sankatha kutumizira wa MTN mwachindunji. Unkayenda kuchoka pa kabuthi kofiira kupita pa kachikasu, kutapa uku n'kukaika uko, kudulidwa kawiri. Sikuti akatswiri a makampaniwo ankalephera kulumikiza mawaya. Aliyense ankafuna kuti kasitomala akhale m'khola lake. Zinasintha pamene Bank of Zambia inakankha kuti onse adutse pa National Financial Switch, njira imodzi yolumikiza mabanki ndi makampani otumiza ndalama. Lero mayi wogulitsa tomato pa Kapata safunsanso kuti muli pa netiweki iti.

Mbiri ya wodwala nayo ili ndi njira yotere, kungoti ndi yovuta kuposa ndalama. Kwacha ndi kwacha kulikonse, pomwe "shuga" angakhale matenda kapena zotsatira za magazi, ndipo mankhwala amodzi ali ndi mayina awiri mbali ziwiri za phiri limodzi. Kuti makompyuta awiri amvane pafunika zinthu ziwiri. Choyamba ndi kapangidwe ka uthenga: dzina likhala pati, mankhwala pati, tsiku lilembedwa bwanji. Apa dziko lonse likukhamukira ku muyezo wotchedwa FHIR, wa bungwe la HL7 limene linayamba mu 1987. Anauyambitsa ndi Grahame Grieve wa ku Australia, ndipo nzeru yake ndi yosavuta: m'malo motumiza fayilo yonse ngati mtolo umodzi, mbiri imagawidwa tizidutswa todziwika, ka wodwala, ka mankhwala, ka zopezeka m'magazi, ka zimene thupi limakana, ndipo kompyuta ina imapempha kachidutswa kamene ikufuna monga momwe foni imapemphera tsamba pa intaneti. Muyezowu ndi waulere, palibe amene amalipira kuti augwiritse ntchito. Chachiwiri ndi mayina ogwirizana, kuti Bactrim ndi Septrin zikhale ndi nambala imodzi, matenda akhale ndi nambala ya m'ndandanda wa ICD wa bungwe la WHO, umene mtundu wake wa 11 unayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Alimi akudziwa kale kufunika kwake. Ukagulitsa nyemba ndi meda ya wogula, yomwe anaiphwanya pansi kuti ikule, wadyeredwa. Muyezo umagwira ntchito ukakhala umodzi kwa onse.

Koma muyezo paokha sunasunthe aliyense. Dziko la America ndilo umboni. Kumeneko zipatala zinadzaza makompyuta kalekale, koma makampani ogulitsa mapulogalamu ankatsekera mbiri za odwala m'makina awo, wofuna kulumikiza ankalipiritsidwa ndalama zoopsa. Mu 2016 anakhazikitsa lamulo la 21st Century Cures Act, limene linatchula khalidwe lotsekereza uthengali kuti ndi mlandu. Malamulo otsatira a mu 2020 analamula kuti mapulogalamu ovomerezeka akhale ndi khomo la FHIR, ndipo kampani yopezeka ikutsekereza ikhoza kulipitsidwa mpaka madola 1 miliyoni pa mlandu umodzi. Ku Ulaya lamulo la European Health Data Space linayamba kugwira ntchito mu Malichi 2025, ndipo likuti pofika 2029 chidule cha mbiri ya wodwala ndi chikalata cha mankhwala ziziwoloka malire a mayiko onse a mu European Union. India inayamba Ayushman Bharat Digital Mission mu Seputembala 2021, yopatsa munthu nambala ya zaumoyo ya manambala 14, mbiri yake n'kumatsala pa chipatala chimene inalembedwa koma n'kumatumizidwa mwini akavomera. Kenya nayo ili ndi Digital Health Act ya 2023. Mayikowa ndi osiyana pa chuma ndi pa ndale, koma onse anafika pamfundo imodzi, yakuti wogulitsa pulogalamu sangatsegule khomo mwa kufuna kwake.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi chaching'ono kuposa zonsezi, ndipo abale athu achisilamu a m'tauni muno achimva bwino. Pa Hajj ya 2024, anthu oposa 250,000 ochokera ku Indonesia, Malaysia ndi Oman anapita ku Mecca atanyamula khadi la zaumoyo la pa foni, mothandizidwa ndi WHO. M'khadimo munalibe fayilo yonse ya munthu. Munali chidule chotsatira muyezo wa International Patient Summary, umene mutu wake ndi zinthu zitatu: matenda amene munthu ali nawo, mankhwala amene akumwa, ndi zimene thupi lake limakana. Ndi mafunso atatu omwe aja amene dokotala anandifunsa usiku uja ine n'kumangokanda m'mutu. Ngati munthu wa ku Jakarta angadziwike kwa dokotala wa ku Saudi Arabia, wolankhula chinenero china, zikukanika bwanji pakati pa Mchinji ndi Chipata, kumene nesi ndi wodwala amalankhula chinenero chimodzi ndipo mwina ndi a mfunda umodzi?

Tisadzinyoze, Zambia siinayambe dzulo. SmartCare inabwera zaka pafupifupi 20 zapitazo, mothandizidwa ndi CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, makamaka chifukwa cha chithandizo cha HIV. Amene anaiganiza anali ndi nzeru ya kuno: podziwa kuti netiweki kumidzi kulibe, anaika mbiri pa khadi loti wodwala aziyenda nalo. Mtundu watsopano, SmartCare Pro, umasunga mbiri pamalo amodzi kudzera pa intaneti. Ku Malawi nako a Baobab Health anayamba kuika makompyuta ogwira ndi chala pa Kamuzu Central Hospital kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. Ndiye makompyuta alipo mbali zonse ziwiri. Koma onani kuchuluka kwa makhola. Wodwala mmodzi ali mu SmartCare, ali mu makina a NHIMA, bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo, zamagazi ake zili mu pulogalamu ya ku labu, mankhwala ake amawerengedwa mu eLMIS, pulogalamu ya nkhokwe ya mankhwala, akapita ku kiliniki yolipira alembedwanso mwatsopano m'pulogalamu imene mwini kiliniki anagula kwa mnyamata wina wa ku Lusaka, ndipo akagula mapiritsi pa famase ya pa Down Shops palibe paliponse pamene zilembedwa.

Yankho limene ena amakonda ndi lakuti boma likakamize aliyense kulowa m'pulogalamu imodzi. Ine sindikugwirizana nazo. Pulogalamu imodzi ikagwa, dziko lonse lagwa, ndipo singawoloke malire chifukwa Malawi sangasiye yake kutengera yathu. Chofunika ndi lamulo lalifupi koma la mano. Aliyense wosunga mbiri ya odwala pa kompyuta, kaya ndi boma, mishoni, kiliniki yolipira kapena bungwe lobwera ndi thandizo, azitha kutulutsa chidule cha zinthu zitatu zija mu muyezo umodzi, wodwala akapempha kapena dokotala womuthandiza akachifuna, popanda kulipiritsa. Wokana asapatsidwe laisensi, ndipo boma lisagule kapena kulandira ngati mphatso pulogalamu yopanda khomo limeneli. Mawu oti mphatso ndawaika dala. Makhola ambiri amene tili nawo anabwera ndi mapulojekiti, lililonse ndi matabuleti ake ndi mafomu ake, ndipo pulojekiti ikatha matabuleti amagona m'kabati ya asisitala. Chaka cha 2025, thandizo la America litaimitsidwa mwadzidzidzi mu Januwale, tinaona kuti ngakhale olemba pa makompyuta m'zipatala zambiri malipiro awo ankachokera kunja. Mbiri yosungidwa mu muyezo wodziwika ingathe kusamutsidwa mwini pulojekiti akanyamuka. Yosungidwa mwa njira yodziwa iye yekha imapita naye.

Ndikudziwa chimene mlamu wanga, nesi wa pa kiliniki ina yakumudzi, anganene, chifukwa anandiuza kale pamaso. "Alamu, inu mukukamba za makompyuta kulankhulana, ife Panado tilibe, malaiti kulibe." Sakunama. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankasowa nthawi yaitali kuposa imene ankakhalapo, ndipo mawu oti "sisitemu ili dauni" anasanduka moni wa pawindo. Iye amalemba wodwala mmodzi katatu: m'kabuku, m'kaundula wamkulu, kenako madzulo pa kompyuta ngati batire ilipo. Mzere panja ukufika pa mtengo wa mango. Munthu wotere ukamuuza za pulogalamu ina amakuyang'ana ngati wam'tukwana.

Koma kulemba katatuko ndi chipatso cha makina osamvana. Zikanakhala kuti zolembedwa kamodzi zimadzipitira zokha ku lipoti la mwezi, ku NHIMA ndi ku nkhokwe ya mankhwala, mlamu wanga akanaweruka dzuwa likadalipo. Ndipo kupimanso magazi amene anapimidwa sabata yatha ku Lundazi, chifukwa chakuti pepala linanyowa pa njinga, kumadya ndalama zomwezo zimene zikanagula Panado. Za kabuku ka pepala, ine sindikuti katayidwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kabuku sikafuna netiweki, ndipo ndi kamene kanapulumutsa azakhali. Kakhalepo, koma chidule chija chisindikizidwe n'kumatidwa mkati mwa chikuto, ndi kachizindikiro ka QR koti foni ya dokotala iwerenge ngakhale intaneti palibe.

Chodetsa nkhawa chenicheni ndi china, ndipo pano ndiyenda pang'onopang'ono. Walira mvula walira matope. Chipata ndi tauni yoti aliyense ndi mlamu wa wina. Alipo anthu amene amakwera basi kukatengera ma ARV ku Katete kapena ku Petauke, kusiya kiliniki imene ili kuseri kwa nyumba yawo, chifukwa wolemba makhadi pamenepo amapemphera nawo mpingo umodzi. Kwa munthu wotere, kusamvana kwa makompyuta ndi mpanda umene ukumubisa. Tikalumikiza zonse mosasamala, kalaliki aliyense wokhala ndi pasiwedi angathe kufufuza dzina la mkamwini wake, la mtsikana amene mwana wake akufuna kukwatira, la phungu amene akupikisana ndi amalume ake. Izi si nkhambakamwa. Ku Singapore, dziko lolemera ndi la akatswiri, mbiri za odwala 1.5 miliyoni zinabedwa mu 2018, ndipo chaka chotsatira mayina a anthu 14,200 okhala ndi HIV anatayidwa pa intaneti, atatuluka kudzera mwa munthu wamkati. Zoterezi zitachitika kuno, ena angasiye kumwa mankhwala, ndipo tingaike maliro.

Lamulo tili nalo, Data Protection Act ya 2021, ndipo limaika nkhani za umoyo m'gulu la zinsinsi zofunika chitetezo chapadera. Chimene ndikufuna kuwonjezera ndi chimene anachita a ku Estonia: kumeneko munthu amatha kuona mndandanda wa aliyense amene watsegula mbiri yake, dzina ndi nthawi, ndipo wotsegula popanda chifukwa amayankha mlandu. Kuno zingakhale zosavuta kuposa pamenepo. Ndalama ikatuluka mu foni yanga, uthenga umabwera nthawi yomweyo. Fayilo yanga ikatsegulidwa, ubwerenso uthenga wonena chipatala ndi wotsegulayo. Lero fayilo ya pepala imagona pa shelefu, wosesa kapena mlonda angaiwerenge osasiya phazi. Kompyuta yokonzedwa bwino imasunga mapazi a aliyense. Ndipo mwini mbiri akhale ndi mphamvu yotseka zina, kuti dokotala wa mano asaone zimene sizikumukhudza. Apa pali povuta, ndivomere, chifukwa ma ARV ena amalimbana ndi mankhwala ena, monga a TB, ndipo dokotala wosadziwa angavulaze munthu. Koma kusankha kumeneko kukhale kwa wodwala atalangizidwa, monga zilili lero pamene amasankha yekha chonena ndi chobisa m'chipinda cha dokotala.

Tsono za malire. Lamulo lathu lomweli limati zinsinsi zotere zisungidwe pa makina a m'dziko muno, ngakhale limasiya mpata woti zituluke mwini akavomera kapena pakagwa zadzidzidzi. Malawi nayo inakhazikitsa lamulo lake loteteza zinsinsi mu 2024. Aliyense wamanga mpanda wake, ndipo n'zoyenera. Chosowa ndi chipata pakati pa mipanda iwiriyi, mgwirizano wa maunduna awiri a zaumoyo wonena kuti chidule chiti chingawoloke, mu muyezo uti, ndipo wolakwa ayankha kuti. Ku Lusaka nkhaniyi ingaoneke yaing'ono, chifukwa kumeneko malire ali kutali. Kuno Lilongwe ili pafupi kuposa Lusaka, imene ili pa mtunda wa makilomita oposa 550. Anthu a ku Vubwi, a ku Chanida, a ku Lusuntha amapita ku chipatala chimene chili pafupi, mbendera sayang'ana. Kolera ya mu Januwale 2023 inayambira ku Vubwi komweko, pamene inali itavuta kale kutsidya. Poliyo itapezeka ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, mayiko a m'dera lino anagwirizana msangamsanga kupereka katemera, Zambia ili momwemo. Ndiye kugwirizana timatha tikachita mantha. Mu Disembala 2022 apulezidenti Hakainde Hichilema ndi Lazarus Chakwera anatsegula malo amodzi ochitira zonse za malire pa Mwami ndi Mchinji, kuti thiraki isaime kawiri. Thumba la simenti tsopano lili ndi mapepala odziwika mbali zonse ziwiri. Mayi wa BP ndi shuga alibe.

Aphungu athu a kuno kum'mawa ndi amene ayenera kuinyamula nkhaniyi, chifukwa a zigawo zina sadzaimva kuwawa ngati ife. Ndipo sipafunika kudikira dziko lonse. Zipatala zochepa za m'malire, mbali ino ndi mbali iyo, zingayambe ndi odwala a shuga, BP, TB ndi amayi oyembekezera amene avomera okha.

Azakhali anachira patatha masiku 6. Potuluka anawapatsa kapepala kolembedwa pamanja, konena zimene anapezeka nazo ndi mankhwala atsopano a BP, chifukwa aja akale kuno kunalibe. Ndinakajambula pa foni, ndipo kenako ndinawaperekeza mpaka pa Mwami. Mwezi wotsatira msuweni wanga anandiimbira ali pa mzere wa kuchipatala cha kwawo. Kapepala kaja kanachapidwa limodzi ndi chitenje, ndipo adokotala ankafuna kudziwa chimene amayi anapatsidwa ku Zambia.

"Asuweni, chithunzi chija mukadali nacho?"

Ndinali nacho. Ndinatumiza, ndipo anakopera ndi bolopeni m'kabuku kaja.